Demokalase ya pa bolodi, ya m'kalabu kapena ya khonsolo ya ophunzira: sukulu isankhe iti?

Chaka china, pa sekondale yoyendera pomwe ndinkaphunzitsa, tinachititsa chisankho cha mapulifekiti. Tinakonzekera ndithu. Makatoni a sopo tinawaboola pamwamba kuti akhale mabokosi, mapepala tinawadinda chidindo cha sukulu, ana anandanda padzuwa kuyambira fomu 1 mpaka fomu 4, ndipo aliyense akaponya voti tinkamupaka inki pa chala. Mavoti anawerengedwa poyera ana akuona. Pa mpando wa hedi boyi anapambana mnyamata wina wa fomu 3, wanzeru koma wosabisa mawu. Madzulo ake m'chipinda cha aphunzitsi munamveka zina: mwana ameneyu ndi wamwano, adzatiukitsira ana. Lolemba pa asembule analengezedwa amene anabwera wachitatu. Ine ndinali m'chipindamo ndipo sindinatsutse. Sabata yomweyo ndinalowa mu fomu 3 ndi mutu wa chisankho chaufulu ndi chachilungamo. Ndisanamalize kulemba pa bolodi, mtsikana wina anakweza dzanja: "Sala, nanga ife tinavoteranji?"

Ndinamuyankha zozungulira, zoti aphunzitsi amaona patali. Iye anangoti "chabwino sala" n'kupitiriza kukopera manotsi. Pa mayeso a teremu imeneyo funso la zizindikiro za chisankho chachilungamo analikhoza lonse osaphonya. Koma chimene ananyamula pa sukulu pathu sabata imeneyo n'chakuti kuvota ndi mwambo chabe, zenizeni amapanga akuluakulu atatseka chitseko. Phunziro limenelo tinamuphunzitsa bwino kuposa la pa bolodi.

Nkhaniyi imandibwerera aphunzitsi anzanga, makolo kapena a komiti ya sukulu akamafunsa njira yabwino yokonzekeretsera ana kuti adzatenge nawo mbali pa zoyendetsa dziko. Kwa ife funsoli ndi lalikulu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndipo theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa ana amene ali ku sekondale lero adzakhala pamzere pa chisankho cha 2030. Njira zimene sukulu zimayesa zilipo zingapo: phunziro la m'kalasi, makalabu ndi mtsutso, nyumba za malamulo za ana, kutuluka nawo anawo kupita m'mudzi, ndi khonsolo ya ophunzira. Iliyonse ndimaifunsa zofanana: imafikira ana angati, mwanayo amachitapo chiyani iye mwini, ndipo amene anaibweretsa akachoka imatsala kapena imapita nawo?

Tisanaziyeze, tikumbukire kuti dziko lino linaonapo kale maphunziro a unzika amene analowerera mpaka m'mafupa. Amene anaphunzira nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Phunziro la Civics linalipo, inde, koma ngodyazo sizinalowe m'mitima chifukwa cha buku. Zinkaimbidwa, zinkagubidwa, apayoniya ankaziphunzitsa pa bwalo la sukulu, pa Youth Week ana ankalambula misewu ndi kuumba njerwa, ndipo Kamuzu akamadutsa sukulu yonse inkandanda m'mbali mwa msewu. Mwana ankachita kumvera tsiku ndi tsiku mpaka kunasanduka khalidwe lake. Pa 14 Juni 1993 pa riferendamu anthu anasankha nyali ya zipani zambiri n'kukana tambala wakuda wa chipani chimodzi, mu 1994 tinavota pa chisankho cha matipate, mabuku tinawalembanso. Koma kayendetsedwe ka sukulu kanatsala komwe kaja: belu, mzere, chikwapu, chibalo, mwana wofunsa ndi wamwano. Lero mwana amamva za ufulu mphindi 40, maola ena onse n'kumachita kumvera kosafunsa. Tisamadabwe kuti chimene chimamukanirira ndi chachiwiricho.

Phunziro la m'kalasi

Njira imeneyi ili kale pa sukulu iliyonse. Ku pulayimale nkhani za boma, ufulu ndi udindo zimapezeka mu Social and Environmental Sciences ndi mu Life Skills, ku sekondale zili mu Social Studies, motsatira silabasi yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Pa kufikira ana palibe njira ina ingaipose, chifukwa imafika paliponse pamene pali mphunzitsi ndi choko. Chiyambire 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, pulayimale ndiye khomo limene pafupifupi mwana aliyense amalowapo. Ku sekondale amafikako ochepa. Choncho chimene sichinanenedwe pofika sitandade 8, Amalawi ambiri sadzachimvanso m'kalasi.

Ndipotu pali zinthu zimene munthu sangazitulukire yekha, amayenera kuuzidwa. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza boma. Mijigo, misika ndi timisewu ta m'dera n'za khonsolo ya makhansala. Kusadziwa zimenezi ndiko kumachititsa kuti phungu tizimuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula. Chiyambi chake chilipo: makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014, ndipo ana ambiri anakula osamuonapo khansala. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko limati mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amazigwira mongosungitsidwa. Mwana aliyense ayenera kumva mawu amenewo asanachoke pa sukulu, m'chiyankhulo chimene anayamwira.

Apa ndiye pamene phunziroli limatsimphina. Kuyambira sitandade 5 limayenda m'Chingerezi, nthawi zambiri m'kalasi ya ana 100, buku limodzi akulimbirana angapo. Mphunzitsi amene akuthamangitsana ndi mayeso a MANEB amalemba manotsi, ana akopera, aloweza nthambi zitatu za boma ngati mayina a mitsinje. Kukambirana kumadya nthawi, komanso sikubwera pa mayeso. Palinso mantha amene sitiwatchula. Mphunzitsi ndi wogwira ntchito m'boma, ndiye akatchula chitsanzo chamoyo amaopa kuti zimveka kumtunda zoti akuchita ndale m'kalasi. Amathawira ku dziko lopanda dzina ndi chipani chopanda mtundu, ana n'kumaona ngati demokalase imachitikira kunja.

Komatu zitsanzo tili nazo zoti mayiko ena amasirira. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019, mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, oweruza asanu amene anamva mlanduwo miyezi ingapo n'kugamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho cha pulezidenti chibwerezedwe, Khothi la Supreme kuvomereza chigamulocho mu Meyi, anthu kuvotanso pa 23 Juni. Mu Africa muno zoterezi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017. M'nkhani imodzi imeneyi muli kugawana mphamvu pakati pa nthambi za boma, muli tanthauzo la 50+1 (wopambana upulezidenti apeze mavoti opitirira theka), muli ufulu wochita zionetsero ndi malire ake, muli ntchito ya mamonita. Itha kuphunzitsidwa popanda kukweza kapena kunyoza chipani chilichonse. Lembani nokha kapepala ka zotsatira za pa senta yongopeka, mufufute pena, manambala ena asagwirizane, muwapatse ana m'magulu n'kuwafunsa: mukanakhala monita, mukanasaina? Mudzaona kalasi imene imawodzera ikudzuka, ana akuwerengera ndi zala.

Phunziro la m'kalasi ndiye maziko, ndipo sukulu imene imalipatsa mphunzitsi aliyense wotsala pa ndandanda ikulakwira ana. Koma likakhala lokha limatulutsa mtsikana uja, wodziwa mayankho onse koma osakhulupirira ngakhale limodzi.

Makalabu ndi mtsutso

Makalabu a ufulu wachibadwidwe, olimbana ndi katangale, a zachilengedwe ndi a mtsutso alipo m'sukulu zambiri. Mwa onsewa ndimakonda mtsutso, chifukwa cha chinthu chimodzi chosapezeka kwina: mwana amapatsidwa mbali imene sagwirizana nayo n'kuuzidwa kuti aiteteze. Ndinaonapo mnyamata wokakamira zoti mtsikana wotenga mimba asabwererenso ku sukulu, ngakhale ndondomeko yolola kubwerera ilipo chiyambire 1993. Pa maere anagwera mbali yoteteza kubwerera kwake. Anakwiya, koma pofuna kupambana anatha masiku atatu akufunsa anthu, mpaka anakacheza ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana pa pulayimale yoyandikana nafe. Tsiku la mtsutso anayankhula ngati nkhaniyo ndi ya mlongo wake. Atamaliza anagwirana chanza ndi amene ankatsutsana naye, n'kukadyera limodzi chinangwa pa msika. Dziko limene otsatira zipani amagendana pa misonkhano likusowa luso limenelo.

Koma kalabu ndi ya ochepa, ndipo ochepawo ndi omwe aja a Chingerezi chosalala, ana a aphunzitsi ndi a ogwira ntchito. Mpikisano ukafika amapambana wa katchulidwe kabwino, mfundo zili apo. Mwana wa nzeru zakuya amene lilime limamulemera m'Chingerezi amakhala woombera m'manja. Oipitsitsa ndi makalabu obwera pa galimoto ya bungwe. Amayamba ndi matisheti, Fanta ndi alawansi ya patironi. Pulojekiti ikatha, kalabu imafa mwakachetechete. Ana amatolapo zoti nkhani za ufulu ndi za kumsonkhano wodyera, kopanda kangachepe munthu sapitako. Matenda amenewa tikuwadziwa mwa akuluakulu, ndipo zimandiwawa kuona tikuwapatsira ana a fomu 1.

Ngati mukufuna ubwino wa mtsutso popanda zovuta zakezi, utulutseni m'kalabu muulowetse m'kalasi. Ukhale wa aliyense mosinthana, nthawi zina m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao malinga ndi dera, pa nkhani zimene ana zikuwakhudza: mafoni pa sukulu, chibalo cha kukumba dzenje, kuphunzira Loweruka. Sizifuna ndalama, zimangofuna mphunzitsi wotha kukhala chete ana akamayankhula.

Nyumba za malamulo za ana ndi zisankho zoyerekeza

Apa sindichedwapo. Kwa mwana amene wasankhidwa kukakhala pa mpando wa phungu ku Lilongwe, kapena kuyankhula pamaso pa DC ku nyumba ya malamulo ya ana ya m'boma lake, ndi chinthu chosaiwalika, ndipo chitha kumusintha moyo wonse. Koma madera a aphungu ndi 229, ana a sukulu ndi mamiliyoni. Mfundo zimene anawo amamanga sizikakamiza aliyense. Akuluakulu amaomba m'manja, kujambulitsa, n'kubalalika. Imeneyi ndi nsinjiro, ndiwo ikhalepo kaye.

Chisankho choyerekeza, monga chimene ana a sukulu a ku Canada amachita pa nthawi ya chisankho chenicheni pogwiritsa ntchito mayina enieni a opikisana, chimazoloweza mwana kuwerenga malonjezo, kuchonga ndi kupinda pepala. Kwathu kuno ndingaope kuikapo zipani zenizeni, chifukwa zikamveka kuti ana a mudzi uno avotera chakuti, amene angavutike ndi ahedi. A NICE, omwe akhala akuphunzitsa anthu za demokalase chiyambire 1999 ndipo ali ndi maofesi m'maboma, ine ndingawaitanire chisankho cha pa sukulu pomwepo, adzathandize kuti chiyende mwadongosolo.

Kutuluka nawo ana

Kunja kwa kalasi kuli maphunziro amene buku silingapereke. Pa bwalo la mfumu wodandaula amayankhula mpaka amalize, woyankha nayenso chimodzimodzi, nduna zimafunsa, mfumu imayankhula pomaliza itamva onse. Pemphani chilolezo, ana akhale pansi aonere mlandu wa malire a munda. Mukabwerera m'kalasi muwafunse: anayankhula kwambiri ndani, amayi anapatsidwa mpata wotani, alipo wachinyamata amene anafunsidwa maganizo? Mwambo wathu uli ndi zambiri zotiphunzitsa pa kumvetsera, ulinso ndi malo amene umatseka pakamwa ana ndi amayi, ndipo ana ayenera kuziona zonse ziwiri. Chimodzimodzi ku khothi la majisitireti, kapena ku msonkhano wa makomiti a VDC ndi ADC kumene chitukuko cha m'dera chimakambidwa.

Choposa kuonera ndi kulondoloza vuto limodzi mpaka kumapeto. Tinene mlatho umene umakokoloka chaka ndi chaka, ana a kutsidya n'kumajomba dzinja lonse. Kalasi iwerenge m'kaundula masiku amene anawo ajomba, ilembe kalata, ipite nayo kwa khansala, ifunse ngati mlathowo uli pa ndondomeko ya chitukuko, ifunsenso kumene ndalama za CDF za chaka chimenecho zinapita. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo mwana amene walembapo kalata yotere kamodzi sadzaopanso khomo la ofesi. Mlathowo mwina sumangidwa chaka chimenecho, koma anawo adzadziwa khomo logogoda, adzadziwanso amene anawayankha ndi amene anawazemba.

Ngozi yake ili pawiri. Njirayi sichedwa kusanduka Youth Week ya masiku ano: akuluakulu asankha ntchito, ana atuta mchenga, kenako tikuti aphunzira kudzipereka. Kapena ana kuchotsedwa m'kalasi kukavina pa msonkhano wa wandale, tikuti akutenga nawo mbali. Muyeso wake ndi wosavuta, ingofunsani kuti vutolo anasankha ndani. Komanso imafuna mphunzitsi wodzipereka ndi nthawi yambiri, moti pa chaka mungaikwanitse ndi kalasi imodzi kapena awiri basi.

Khonsolo ya ophunzira

Ndasungira kumapeto njira imene ndimaiika patsogolo pa zonse. Ambiri amaisokoneza ndi mapulifekiti. Pulifekiti ndi maso a ahedi pakati pa ana: amalemba ochedwa ndi olongolola, amayang'anira chibalo. Woimira anzake mu khonsolo ndi pakamwa pa ana pamaso pa ahedi. Wina amatsitsa mawu, wina amawakweza. Sukulu itha kukhala ndi onse awiri, koma kungosintha dzina, hedi boyi n'kumutcha pulezidenti, sikusintha kanthu.

Ku South Africa anaziika m'lamulo. South African Schools Act ya 1996 imati sukulu ya boma iliyonse imene ili ndi ana a giredi 8 kupita m'tsogolo ikhale ndi khonsolo yosankhidwa ndi ophunzira, ndipo ena mwa anawo amakhala nawo mu komiti yoyendetsa sukulu pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi. Abale athu amene ana awo akuphunzira ku Johannesburg kapena ku Cape Town akafunsa kunyumba amva za RCL, dzina la khonsoloyo kumeneko. Dziko limene ana a sukulu a ku Soweto anafera pa msewu mu 1976 linaona kuti mawu a mwana asadalire mtima wa ahedi. Ku Kenya, sekondale zambiri zitagwedezeka ndi zipolowe mu 2008, anayamba kuchotsa mapulifekiti osankhidwa ndi aphunzitsi n'kuika makhonsolo osankhidwa ndi ana. Kuwotcha sukulu sikunatheretu kumeneko, ndipo zimenezo zitichenjeze kuti khonsolo ya dzina lokha sizimitsa moto.

Chimene chimasiyanitsa khonsolo yamoyo ndi ya dzina ndi tinthu tating'ono. Malamulo a amene angaime alengezedwe chisankho chisanachitike. Ngati aphunzitsi akuopa mwana wovuta, anene poyambirira kuti amene anaimitsidwapo sukulu chaka chino saima nawo, aliyense adziwe. Mavoti akawerengedwa, palibe wogwiranso zotsatira. Apa ndiye panagona tchimo lathu lija. Khonsolo ikhale ndi tsiku lodziwika lokumana ndi ahedi, kamodzi pa mwezi, ndipo pempho lililonse liyankhidwe, yankholo limatidwe pa khoma la ofesi. Yankho litha kukhala ayi. Ayi wofotokoza chifukwa, woti ndalama za teremu ino zapita ku madesiki ndipo malisiti ndi awa, amaphunzitsa mwana zambiri za mmene boma limayendera. Chimene chimapha khonsolo ndi "tamva, tiona", teremu n'kutha, ina n'kutha. Ana akazindikira kuti mapempho awo amathera m'dirowa, chaka chotsatira amavotera wanthabwala, ndipo sitingawaimbe mlandu.

Pakhalenso kandalama, chifukwa ndale zenizeni zimayambira pamene pali chogawa chosakwana. Ku Portugal, kuyambira 2017, boma limapatula yuro imodzi pa wophunzira aliyense wa makalasi aakulu. Ana amapereka maganizo a chimene ndalamayo igwire, amachita kampeni, amavota, ndipo chimene chapambana chimachitika. Ife sitifunika kudikira boma. Sukulu za pulayimale zimalandira ndalama zotukulira sukulu za School Improvement Grant, ndipo pokonza ndondomeko ya chitukuko cha sukulu pamakhala komiti, PTA ndi mafumu. Ana amene amaphunzirira pansi pa mtengo akhale nawo pamenepo, ndi mawu enieni. Sukulu zina zili ndi munda, zina zimapeza kangachepe pa zisangalalo za kumapeto kwa teremu. Patulani kachigawo, ngakhale kongokwana mpira umodzi kapena zitseko ziwiri, ana asankhe. Apo adzalawa chimene aphungu amalimbana nacho pa bajeti, zoti ukasankha mpira wataya chitseko, ndipo amene anafuna chitsekocho ukhala naye kalasi imodzi mawa.

Ndikudziwa zimene ahedi ambiri anene, chifukwa ndinazimva m'chipinda chija: ana adzatikwera pamutu. Mantha amenewa sindikuwapeputsa. Kuyendetsa sukulu ya ana mazana ambiri ndi aphunzitsi owerengeka ndi ntchito yowawitsa mutu, ndipo pali zinthu zimene ana sangavotere, monga silabasi, mayeso ndi chitetezo chawo. Zimenezo zinenedwe momveka pachiyambi. Koma taonani sukulu zogonera zimene timamva kuti ana aphwanya magalasi kapena awotcha ofesi. Mukafufuza, nkhani imakhala nyemba zofumbwa, ufa wonunkha, madzi, disiko yoletsedwa, zinthu zimene ana anang'ung'udza miyezi osapeza womuuza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chikakhala chokhoma amachithyola. Kenako sukulu itsekedwa, makolo alipira magalasi, ena mwa anawo sabwereranso.

Khonsolo imabweretsa matenda onse a ndale za akuluakulu pa bwalo la sukulu, zimenezo ndivomereze. Woima amagawa maswiti ndi zitumbuwa. Ana amavotera wakwawo, wa mudzi wawo, wa mpingo wawo. Atsikana amakankhidwira ku ulembi ndi usungichuma, upampando n'kukhala wa mnyamata. Ine ndimati bola matendawo atulukire pa sukulu, pamene pali mphunzitsi woti aimitse zinthu n'kufunsa kuti ana inu, mwaona chimene chachitika? Political Parties Act ya 2018 imaletsa kugawa zinthu pokopa ovota. Ana aliwerenge gawo limenelo, adzilembere lawo lofanana nalo, akhazikitse kabungwe kawo koyendetsa chisankho ndi kumva madandaulo. Wogonja aime pa asembule ayamikire wopambana, monga Dr. Kamuzu Banda anachitira pa wailesi mu Meyi 1994 ndi Dr. Lazarus Chakwera mu Sepitembala 2025. Kugonja ndiko sitikuphunzitsa konse, chonsecho pa chisankho chilichonse ogonja ndiwo amachuluka. Mwana amene analirapo chifukwa choluza ukapitawo wa kalasi, n'kuona kuti mawa kwacha ndipo chaka chamawa aimanso, wapeza chinthu chimene chidzamuletse kutola mwala ali ndi zaka 25.

Nanga sukulu yanu iyambire pati? Pa pulayimale ya kumudzi ya ana ambiri aphunzitsi ochepa, musayambe ndi khonsolo ya maudindo khumi. Kalasi iliyonse kuyambira sitandade 4 isankhe oiimira awiri, mtsikana ndi mnyamata, ipange nawo malamulo a m'kalasi, ndipo Lachisanu lililonse pakhale mphindi 20 zokambirana m'chiyankhulo cha kwawo. Pa sekondale yoyendera (CDSS), pamene ana amabwerera kumudzi tsiku ndi tsiku, khonsolo iyende limodzi ndi kulondoloza vuto limodzi la m'dera. Pa sukulu yogonera khonsolo ndi yofulumira, ndipo mpando wake woyamba ukhale mu komiti ya zakudya, ana aziona nawo matumba akamalowa m'sitolo. Mipikisano ya mtsutso ndi maulendo a ku Lilongwe zibwere pambuyo. Ndipo mphunzitsi wa Social Studies amangirire phunziro lake ku zimene zikuchitika pa bwalopo: mutu wa zisankho ugwe sabata ya kampeni, mutu wa bajeti ugwe sabata imene khonsolo ikukonza yake.

Patapita zaka ndinasamukira ku sukulu ina kumene ahedi anali mayi ofatsa, okonda kunena kuti "tiyeni tiwafunse eni ake". Ndalama za chimanga cha m'munda wa sukulu anazisiya m'manja mwa khonsolo. Anyamata ankafuna yunifomu ya timu ya mpira, atsikana ankafuna zitseko ndi ndowa za ku zimbudzi zawo. Anakangana masabata awiri, ndipo zitseko zinapambana ndi mavoti ochepa, ena mwa iwo a anyamata a fomu 1 amene alongo awo anawanyengerera. Kumapeto kwa teremu msungichuma wa khonsolo anawerenga pa asembule mmene ndalama zinayendera. Atamaliza, kamnyamata kena kanakweza dzanja kumbuyo: "Madamu, akuti mahinjesi anagulidwa 8, koma zitseko ndi zitatu, chilichonse chili ndi awiri. Awiri enawo ali kuti?" Bwalo lonse linati zii. Ahedi sanamukalipire. Anapita okha ku ofesi, ife tili chiimire padzuwa, n'kubwera ndi lisiti pamodzi ndi mahinjesi awiri otsalawo akadali m'pepala lawo, n'kuwakweza m'mwamba kuti wa kumbuyo uja aone.